Funsani Tikuyankheni: Kodi chiphe cha arsenic chimalowa bwanji m'madzi a pamjigo?

Makalata amene tasankha mwezi uno onse akukhudza madzi a pansi pa nthaka ndi chiphe chotchedwa arsenic. Ena tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba tawasunga monga mwa mwambo wa tsamba lino.

FUNSO: Akonzi, ine ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya sekondale, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana kuti madzi a pamjigo ndi abwino kuposa a mumtsinje chifukwa nthaka imawasefa. Posachedwapa ndinamva kuti ku Bangladesh anthu mamiliyoni akhala akumwa chiphe kuchokera m'mijigo. Kodi chiphecho anathira ndani? Nanga ndisiye kuphunzitsa zimene ndakhala ndikuphunzitsazi? Ndine mphunzitsi, Nkhotakota.

YANKHO: Aphunzitsi, musasiye, pakuti pa nkhani ya tizilombo toyambitsa matenda zimene mumaphunzitsazo ndi zoona. Mfundo yomweyo ndiyo inachititsa kuti kuyambira m'zaka za m'ma 1970 boma la Bangladesh, mothandizidwa ndi UNICEF, lilimbikitse anthu kusiya madzi a m'maiwe ndi m'mitsinje, amene ankapha ana ambiri ndi kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba. Nthaka ya kumeneko ndi yofewa ndipo madzi ali pafupi, moti amisiri a m'mudzi amalowetsa paipi pansi ndi manja okha, ndipo mabanja ambiri anadzikumbira mijigo pakhomo mpaka inachuluka kufika mamiliyoni. Chimene sichinkayezedwa m'madziwo ndi arsenic. Mu 1983 dokotala wa matenda a pakhungu wa ku Calcutta, K. C. Saha, anazindikira kuti odwala ochokera m'midzi ya West Bengal, ku India, akuvulazidwa ndi madzi a m'mijigo yawo, ndipo mu 1993 chiphecho chinapezekanso tsidya lina la malire, ku Chapai Nawabganj, m'dziko la Bangladesh.

Palibe munthu amene anathira chiphecho, ndipo sichinachokere kufakitale kapena ku feteleza. Chinabwera ndi mchenga kuchokera kumapiri a Himalaya. Miyala ya kumapiriko ikamaswekasweka, chitsulo chimene chili m'kati mwake chimachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo limakuta kamchenga kalikonse ngati utoto wopyapyala. Kwa arsenic, dzimbiri lili ngati ulimbo: akangolikhudza amakakamira pomwepo. Choncho mitsinje ya Ganges ndi Brahmaputra imatsika ndi mchenga wovala dzimbiri, dzimbirilo litanyamula arsenic, n'kukautula kuchigwa kufupi ndi nyanja. Malinga ngati dzimbirilo lilipo, madzi odutsa mumchengawo amakhala abwino.

Vuto limayamba mchengawo ukakwiririka. M'zaka pafupifupi 10,000 zapitazi mitsinjeyi yakhala ikuunjika mchenga ndi matope mofulumira, ndipo pokwirira imakwirira pamodzi ndi udzu, masamba ndi zomera za m'madambo. Mabakiteriya a pansi pa nthaka amadya zowolazo, ndipo kuti atero amafuna mpweya wa okosijeni monga mmene ifenso timaufunira. Koma pansi pa dongo mpweya watsopano sufika, ndipo wakale suchedwa kutha. Ukatha, mitundu ina ya mabakiteriya, monga yotchedwa Geobacter, imatembenukira ku dzimbiri lija n'kumaligwiritsa ntchito m'malo mwa mpweya, kupuma nalo titero kunena. Dzimbiri limasungunuka, ulimbo uja umatha mphamvu, ndipo arsenic amagwera m'madzi a pakati pa timchenga. Kuwonjezera apo, m'malo opanda mpweya arsenic amasintha kuchoka pa mtundu wotchedwa arsenate kukhala arsenite, umene umayenda ndi madzi mosavuta.

Poyamba akatswiri ena ankaganiza zosiyana ndi zimenezi, kuti kupopa madzi kwatsitsa madzi a pansi, mpweya walowa, ndipo ukuwononga miyala yotchedwa pyrite imene imakhala ndi arsenic. Mu 1998 ofufuza a ku University College London ndi anzawo a ku Bangladesh analemba m'magazini ya Nature kuti madzi okhala ndi arsenic wambiri ndi amene alibiretu mpweya ndipo ali ndi chitsulo chochuluka chosungunuka, zimene zikuloza ku kusungunuka kwa dzimbiri. Mu 2004 ofufuza a ku Manchester anatenga mchenga wa ku West Bengal n'kusonyeza m'labotale kuti mabakiteriya ndi amene amagwira ntchito imeneyi.

Chimene ndikufuna kuti ana anu akachiwerengetsere pabolodi ndi ichi. Mchenga wa ku Bangladesh ulibe arsenic wochuluka modabwitsa, umangokhala ndi mamiligalamu ochepa pa kilogalamu iliyonse, monga mchenga wa m'malo ambiri padziko lapansi. Koma pansi pa nthaka lita imodzi ya madzi imakhala ikukhudzana ndi mchenga wolemera makilogalamu pafupifupi 6. Tiyerekeze kuti kilogalamu iliyonse ili ndi mamiligalamu 2: ndiye kuti lita imodziyo yazingidwa ndi mamiligalamu 12, amene ndi mamaikulogalamu 12,000. Gawo limodzi lokha mwa magawo 100 litasungunuka, madziwo akhala ndi mamaikulogalamu 120 pa lita, pamene malire amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika mu 1993 ndi 10 okha. Malire amenewa ndi ofanana ndi galamu imodzi ya arsenic m'zigubu 5,000 za malita 20. Kafukufuku wa British Geological Survey, bungwe la ku Britain lofufuza za miyala ndi nthaka, pamodzi ndi nthambi ya boma la Bangladesh yoona za madzi akumwa, amene anayeza mijigo yoposa 3,500 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2001, anapeza kuti mwa mijigo 100 iliyonse yosazama 46 inadutsa malire a WHO, ndipo 27 inadutsa malire a dzikolo, omwe ndi 50. Anayerekezera kuti anthu 35 miliyoni ankamwa madzi odutsa 50, ndipo 57 miliyoni odutsa 10. Muwauze anawo kuti nthaka imasefa tizilombo, koma nthawi zina imapatsa madzi zimene yasunga.

FUNSO: Ndine wokumba mijigo kwa zaka zambiri. Ndamva kuti ku Bangladesh mjigo wina umatha kukhala ndi chiphe pamene wa pakhomo loyandikana nalo uli bwino. Zingatheke bwanji, pakuti madzi a pansi ndi amodzi? Ndine mmisiri, Salima.

YANKHO: Bambo, inu amene mumaona zotuluka m'dzenje pokumba mukudziwa kuposa ambiri a ife kuti pansi sipakhala pofanana. Mtsinje wa m'chigwa sukhala m'khwawa limodzi mpaka kalekale. Umasuntha, kusiya mchenga pamene panali khwawa, dongo pamene panali dambo, ndi zowola zochuluka pamene panali dziwe. Pakapita zaka zikwi zingapo, zonsezi zimakhala zitasanjikizana mosalongosoka, ndipo mapaipi awiri otalikirana mamita 20 okha amatha kukathera wina mumchenga woyandikana ndi zowola, wina mumchenga umene madzi a mvula amautsuka chaka ndi chaka. Madzi a m'chigwa chathyathyathya chotere amayendanso pang'onopang'ono kwambiri, choncho sasakanikirana msanga, ndipo arsenic amene wasungunuka samakokoloka msanga.

Kusiyana kumeneku kunapezeka kuti kuli ndi phindu lake. Ku Araihazar, kum'mawa kwa Dhaka, likulu la Bangladesh, ofufuza atayeza mijigo masauzande angapo anapeza kuti pafupifupi theka lake linali loipa, komabe anthu pafupifupi 90 mwa 100 alionse ankakhala pamtunda wosaposa mamita 100 kuchokera pa mjigo wabwino. N'chifukwa chake chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 boma linayeza mijigo pafupifupi 5 miliyoni n'kupaka kukamwa kwa pampu utoto wofiira ngati madzi ali oipa, wobiriwira ngati ali abwino, kuti mayi adziwe koti akatunge madzi akumwa ndi ophikira.

Chimene chingakusangalatseni kwambiri ndi nkhani ya mtundu wa mchenga. Mchenga wotuwa ngati phulusa ndi umene dzimbiri lake ladyedwa kale, ndipo ndi umene kawirikawiri umapereka madzi oipa, makamaka m'mijigo ya mamita 15 mpaka 30. Mchenga wofiirira kapena wachikasu ngati katondo udakali ndi dzimbiri lake, ndipo madzi ake nthawi zambiri amakhala abwino. Wofiirirawu ndi wakale kwambiri. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo nyanja inali yotsika ndi mamita oposa 100 poyerekeza ndi lero, mitsinje inakumba makwawa akuya, madzi a pansi anatsika, ndipo mchenga wa nthawi imeneyo unalowedwa mpweya n'kutsukidwa ndi mvula kwa zaka zikwizikwi. M'madera okwera a Barind ndi Madhupur mchenga wakalewu uli pafupi ndi pamwamba, ndipo kumeneko vuto la arsenic ndi lochepa, pamene m'boma la Chandpur, kum'mwera chakum'mawa, mijigo pafupifupi 90 mwa 100 iliyonse inapezeka yoipa. Pakafukufuku wa 2001 uja, mwa mijigo yozama kuposa mamita 150 umodzi wokha mwa 100 ndi umene unadutsa malire a dzikolo a mamaikulogalamu 50 pa lita. Amisiri a kumeneko tsopano amaphunzitsidwa kupitiriza kukumba mpaka apeze mchenga wofiirira.

Pali chenjezo limodzi lokhudza ntchito yanu. Mjigo wozama ukapanda kutsekedwa bwino m'mbali mwa paipi ndi simenti kapena dongo, madzi oipa a pamwamba amatsetsereka ndi mpata umenewo n'kukalowa pansi, ndipo ndalama zonse zokumbira mozama zimapita pachabe. Ndionjezenso kuti lamulo la mtundu wa mchengali ndi la zigwa za mitsinje ikuluikulu ya ku Asia. Mijigo yambiri kwathu kuno imalowa m'miyala yakale yofumbutuka, kumene nkhani yake ndi ina.

FUNSO: Ndikuphunzira za ulimi wamthirira. Kodi arsenic akasungunuka amakhala pomwepo kapena amayenda? Ndipo kodi kupopa madzi ambiri kungaipitse mjigo umene unali wabwino? Ndine wophunzira, Lilongwe.

YANKHO: Amayenda, koma samayenda paliwiro la madzi, ndipo pamene izi zinayezedwa bwino ndi m'mudzi wa Van Phuc, m'mbali mwa Red River, kufupi ndi mzinda wa Hanoi ku Vietnam. Mudziwu unagawika pawiri pansi pake: mbali ya kumtsinje kuli mchenga wotuwa wa madzi oipa, mbali yoyang'ana kumzinda kuli mchenga wakale wofiirira wa madzi abwino. Mwachibadwa madzi a pansi ankayenda kulowera kumtsinje. Mzinda wa Hanoi utakula n'kuyamba kupopa madzi ochuluka, madziwo anatembenuka n'kuyamba kulowera kumzinda, kutanthauza kuti madzi oipa anayamba kulowa mumchenga wabwino. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2013 zinasonyeza kuti m'zaka makumi angapo madziwo anayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 2, koma arsenic anangolowa mamita opitirira pang'ono 120, kutanthauza kuti ankachedwa ka 16 mpaka ka 20 poyerekeza ndi madzi amene anamunyamula.

Chimamuchedwetsa ndi dzimbiri lomwe lija. Arsenic akafika mumchenga wofiirira amagwidwa, amamasuka, amasuntha pang'ono, amagwidwanso, ngati munthu wapaulendo amene akuimitsidwa pakhomo lililonse. Koma madzi oipawo samabwera ndi arsenic yekha, amabweranso ndi zowola zosungunuka, zomwe ndi chakudya cha mabakiteriya, ndipo pamene adutsa mchenga wofiirira umayamba kutuwa. Ku Van Phuc ofufuza anaona ndi maso malire a kutuwako pa mchenga umene ankatulutsa pokumba. Choncho chitetezo cha mchenga wofiirira n'chenicheni ndipo chingathe kukhala zaka zambiri, koma chimatha, ndipo chimatha msanga pamene pakupopedwa madzi ambiri.

Kuchigwa cha Mekong, kum'mwera kwa Vietnam komweko, kunapezeka njira ina. Kupopa kwambiri kuchokera pansi penipeni kumachititsa kuti dongo la pakati pa mchenga lifinyike ngati siponji, nthaka n'kumatitimira, ndipo madzi ofinyidwawo amatuluka ndi arsenic kapena zowola n'kulowa mumchenga umene unali wabwino. Zofanana ndi zimenezi zaonekanso kuchigwa cha San Joaquin ku California. Ku Bangladesh nako, ofufuza amene anagwira ntchito ku Munshiganj ananena mu 2002 kuti mapampu a mthirira amakokera pansi madzi a pamwamba okhala ndi zowola zatsopano, ndipo pambuyo pake analoza chala maiwe okumbidwa ndi anthu. Ena amatsutsa n'kunena kuti zowola zakale zokwiririka ndizo zili ndi mphamvu, ndipo kuti m'malo ena kupopa kumathandiza kutsuka mchenga. Maganizo anga ndi akuti aliyense mwa iwo anaona zoona pamalo pamene anakumba, pakuti pansi pa chigwa chachikulu chotere sipangakhale yankho limodzi. Chimene ambiri amagwirizanapo n'chakuti madzi akuya asungidwire kumwa, amene amafunika ochepa, ndipo mapampu aakulu a mthirira asalowetsedwe kumeneko.

FUNSO: Ndine namwino. Ngati chiphechi n'choopsa chomwechi, zinatheka bwanji kuti anthu amwe zaka zambiri osadziwa? Ndine wowerenga wanu, Mangochi.

YANKHO: Mayi, arsenic alibe mtundu, fungo kapena kakomedwe m'madzi. Madzi ake amatuluka oyera mbee ndi ozizira bwino, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pamlingo umene umapezeka m'mijigo munthu samva kanthu tsiku limene wamwa, ngakhale chaka chimene wayamba kumwa. Zizindikiro zimadza pakapita zaka zisanu, khumi kapena kuposerapo: madontho akuda ndi oyera pachifuwa ndi pamsana, kenako khungu la m'zikhatho ndi kumapazi limakhuthala n'kumera timatuza touma ngati njerewere. M'midzi ya ku Bangladesh ambiri ankayesa khate, ndipo odwala ankasalidwa, amayi ena mpaka kuthamangitsidwa kubanja, chonsecho matendawa sapatsirana.

Ambiri mwa amene akuvulazidwa alibe ngakhale zizindikiro za pakhunguzo. Arsenic amayambitsa khansa ya pakhungu, ya m'chikhodzodzo ndi ya m'mapapo, komanso matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi. Kugombe la kum'mwera chakumadzulo kwa Taiwan, madzi a m'zitsime zakuya ankayambitsa nthenda yodetsa ndi kuwoletsa mapazi mpaka kudulidwa. Ku Antofagasta, m'dziko la Chile, anthu anamwa madzi a arsenic woposa mamaikulogalamu 800 pa lita kuyambira mu 1958 mpaka 1970, pamene kunamangidwa malo oyeretsera madzi, koma khansa ya m'mapapo ndi ya m'chikhodzodzo inakhalabe yochuluka patapita zaka makumi atatu ndi kuposerapo. Ku Araihazar, kafukufuku amene anatsatira anthu pafupifupi 12,000 anasonyeza mu 2010 kuti imfa imodzi mwa zisanu zilizonse inkagwirizana ndi madzi odutsa malire a WHO. Nkhani imene inatuluka m'magazini ya WHO m'chaka cha 2000 inanena kuti m'mbiri yonse sipanakhalepo mtundu wa anthu umene unamwa chiphe mochuluka chonchi.

Funso loti wolakwa ndani linafika kukhoti ku Britain, kumene munthu wina wodwala wa ku Bangladesh anasumira bungwe loyang'anira British Geological Survey chifukwa kafukufuku wa madzi wa 1992 sanayeze arsenic. Mu 2006 khoti lalikulu la House of Lords linakana kuti mlanduwo upitirire. Mu 2016 bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch linanena kuti anthu pafupifupi 20 miliyoni anali akumwabe madzi odutsa malire a dzikolo, mwa zina chifukwa utoto uja unasuluka ndipo mijigo yatsopano yambiri sinayezedwe.

FUNSO: Kwathu timawiritsa madzi kapena kuthiramo kulorini. Kodi zimenezi sizingachotse chiphechi? Ndine mayi wa ana anayi, Ndirande.

YANKHO: Ayi, mayi. Kuwiritsa ndi kulorini zimapha zamoyo, pamene arsenic si chamoyo. Madzi akamawira nthunzi imachoka koma arsenic amatsala mumphika, moti madzi otsalawo amakhala ndi wochulukirapo. Pitirizani kuwiritsa ndi kuthira kulorini chifukwa cha kolera, imene kwathu kuno ndiyo mdani wapafupi.

Chimene chimachotsa arsenic ndi kumubwezera pamene anachoka, padzimbiri. Sefa yotchedwa Sono, imene Abul Hussam, katswiri wa ku Bangladesh wophunzitsa ku George Mason University, analandira nayo mphoto ya madola 1 miliyoni mu 2007, ndi ndowa ziwiri zosanjikiza zokhala ndi mchenga, zidutswa za chitsulo, makala ndi njerwa zophwanya. Ku Nepal kuli sefa ina yotchedwa Kanchan imene imagwiritsa ntchito misomali yochita dzimbiri. Masefa otere amagwira ntchito akamasamalidwa, koma ambiri amene anagawidwa m'midzi anasiyidwa atatsekeka kapena kusweka, ndipo mwini sefa alibe njira yodziwira ndi maso tsiku limene yasiya kugwira chiphe. N'chifukwa chake kusamukira ku mjigo woyezedwa kapena kukumba wozama kwathandiza anthu ambiri kuposa masefa. Madzi a arsenic ndi oipa pomwa ndi pophikira, koma kusamba ndi kuchapira si vuto lalikulu, chifukwa salowa kwambiri kudzera pakhungu.

FUNSO: Makolo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo ife tinabadwira kuno pafupi ndi migodi ya golide. Kodi zimene zinachitika ku Bangladesh zingatikhudze? Ndine wowerenga wanu, Kadoma, Zimbabwe.

YANKHO: Achimwene, kwanuko chiphe ndi chomwecho koma khomo lotulukira ndi lina. Golide nthawi zambiri amakhala pamodzi ndi mwala wotchedwa arsenopyrite, umene uli ndi chitsulo, sulufule ndi arsenic. Mwala umenewu umakhala phee malinga ngati uli pansi popanda mpweya, koma ukafukulidwa, kugayidwa ndi kuunjikidwa panja, mpweya ndi mvula zimauwononga n'kutulutsa madzi a asidi onyamula arsenic. Ku Bangladesh chiphe chimamasuka chifukwa mpweya watha, pamene kumigodi chimamasuka chifukwa mpweya wafika. Zimenezi zadziwika ku Obuasi m'dziko la Ghana, ndipo m'chigawo cha Yatenga ku Burkina Faso mijigo yolowa m'miyala ya golide inapezeka ndi arsenic wochuluka ngakhale kutali ndi mgodi waukulu. Mosiyana ndi chigwa cha ku Bangladesh ndi West Bengal, vuto la kumigodi kawirikawiri silifalikira kutali, chifukwa dzimbiri la m'nthaka limagwira arsenic m'njira. Chitsime chimene chili kumunsi kwa mulu wa zotsalira za mgodi kapena pafupi ndi pogayira miyala ndicho choyenera kuyezetsa msanga.

FUNSO: Ine ndimalima mpunga ndipo timamwa madzi a pamjigo m'chigwa cha kunyanja. Madzi athu akagona m'ndowa amafiira. Kodi kuno ku Malawi tili pachiopsezo, ndipo mpunga wathu uli bwanji? Ndine mlimi, Karonga.

YANKHO: Bambo, zimene zayezedwa mpaka pano n'zolimbikitsa. Ofufuza a ku University of Strathclyde ndi anzawo a kuno anayeza malo otungapo madzi 310 pakati pa 2014 ndi 2018, ambiri mwa iwo m'zigwa za mchenga ndi matope, ndipo pafupifupi onse anali pansi pa malire a WHO. Kafukufuku wina wa mijigo 25 kwanu ku Karonga anapeza ingapo yodutsa pang'ono malirewo, kufika mamaikulogalamu pafupifupi 15 pa lita, zomwe zili kutali kwambiri ndi mazanamazana a ku Bangladesh. Mavuto odziwika a madzi a pansi kwathu ndi ena: mchere ku Chikwawa ndi Nsanje, fluoride wodetsa mano m'madera monga Nathenje ndi Balaka, ndi chitsulo m'malo ambiri. Komabe mijigo yoyezedwa arsenic ndi yochepa poyerekeza ndi masauzande ambirimbiri amene alipo, ndipo mwamva kale mmene mijigo yoyandikana imasiyanirana. Zigwa za kunyanja ndi za kumunsi kwa Shire zili ndi mchenga watsopano, madambo ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, ndipo ku Botswana madzi a pansi a m'chigwa cha Okavango anapezeka ndi arsenic m'malo ena, choncho nkhaniyi si ya ku Asia kokha.

Kufiira kwa madzi anu ndi chitsulo chosungunuka chimene chikuchitanso dzimbiri chikakumana ndi mpweya. Nthawi zina chimachokera kuzitsulo za pampu yomwe, koma nthawi zina chimasonyeza kuti pansipo mpweya unatha ndipo dzimbiri la pamchenga likusungunuka. Umenewu si umboni wa arsenic, pakuti madzi ambiri a chitsulo alibe chiphecho, koma m'chigwa ngati chanu ndi chifukwa chokwanira choyezetsera.

Mpunga umatenga arsenic wambiri kuposa chimanga kapena tirigu chifukwa umamera m'madzi oima, mmene matope amasowa mpweya monga momwe zimakhalira pansi pa nthaka, ndipo mizu yake imayamwa arsenite kudzera m'njira imene imayamwira silicon wolimbitsa phesi. Ku Bangladesh vutoli limakula chifukwa mpunga wa m'chilimwe, wotchedwa boro, umathiriridwa ndi madzi a m'mijigo yosazama, ndipo arsenic amaunjikana m'nthaka ya pamwamba chaka ndi chaka. Masikimu anu a Hara, Wovwe ndi Lufilya amamwa madzi a m'mitsinje, amene ali ndi mpweya, choncho njira imeneyi kwanuko kulibe. Tsiku limene kudzabwere mapampu a sola othirira mpunga ndi madzi a pansi, madziwo adzayambe ayezedwa.

Pofuna kuyezetsa, komiti ya mjigo ipite ku ofesi ya madzi ya paboma, imene ingatumize madzi ku Central Water Laboratory ku Lilongwe, kapena ifunse ku Malawi Bureau of Standards. Munene momveka kuti mukufuna arsenic akhale pa mndandanda, chifukwa kawirikawiri poyeza mjigo watsopano chidwi chimakhala pa tizilombo, mchere, chitsulo ndi fluoride. Palinso zipangizo zoyezera pamjigo pomwepo, zimene kapepala kake kamasanduka kachikasu kapena kofiirira pakatha mphindi pafupifupi 20 ngati madzi ali ndi arsenic. Pepala la zotsatira lisungidwe m'buku la komiti pamodzi ndi kuya kwa mjigo ndi chaka chimene unakumbidwa, kuti podzayezanso, makamaka pafupi pakadzaikidwa pampu yaikulu, padzakhale choyerekezera.